Bambo amene adalowetsa phanga m'kompyuta pofuna kucheza ndi ana ake

Tsiku la msika pa Nsaru kapena pa Namitete silitha osaona ana ataunjikana pakhonde la sitolo, mitu itagundana, maso onse ali pa foni imodzi. Mwini foniyo ndiye mfumu. Enawo ntchito yawo ndi kukuwa kuti athawe, alumphe, aombere. Batire ikatha amasonkherana makobiri n'kuthamangira kotchajitsa, uku kunyumba mayi akudikira mchere umene adatuma mwana dzuwa lili paliwombo.

Makolo ambiri magemuwa amadana nawo, ndipo zifukwa zawo n'zomveka. Koma mwina angadabwe kumva kuti imodzi mwa magemu akale amene adalambula njira ya zonsezi idapangidwa ndi kholo linzawo, bambo amene banja lake lidali litangotha kumene ndipo ankasowa ana ake. Gemuyo idalibe chithunzi ngakhale chimodzi, idalibenso nyimbo. Idali mawu okhaokha, ngati nthano ya agogo pamoto.

Dzina la bamboyo ndi Will Crowther, wa ku America.

Crowther adabadwa mu 1936 ndipo mu 1958 adamaliza maphunziro a sayansi ya fizikisi pa sukulu ya ukachenjede ya MIT, m'chigawo cha Massachusetts. Ndi komweko kumene adakumana ndi Patricia, nayenso wophunzira fizikisi, amene adadzakhala mkazi wake. Atagwira ntchito kwa zaka zingapo ku Lincoln Laboratory, adalowa kampani ya Bolt, Beranek and Newman, imene ambiri amangoitchula kuti BBN.

Anzake ankamudziwa ndi zinthu ziwiri. Choyamba, adali katakwe polemba mapulogalamu a kompyuta afupiafupi koma othamanga, m'nthawi imene makinawo ankasunga zinthu zochepa kwambiri moti liwu lililonse losafunikira lidali katundu wolemera. Chachiwiri, adali wokonda kukwera matanthwe. Akuti akafuna kuganiza mozama ankalendewera ndi zala pafelemu la chitseko cha ofesi, n'kumadzikweza ndi kudzitsitsa mpaka nzeru itabwera.

Kumapeto kwa 1968 kampani ya BBN idapatsidwa ntchito ndi nthambi ina ya unduna wa zachitetezo ku America. Ntchitoyo idali yolumikiza makompyuta a m'masukulu a ukachenjede otalikirana kuti azitumizirana uthenga. Kagulu kochepa ka akatswiri, kotsogozedwa ndi Frank Heart, kadapanga makina otchedwa IMP, aakulu ngati firiji, oti aziima pakati pa kompyuta iliyonse ndi nthambo za telefoni. Crowther adali m'modzi mwa amene adalemba pulogalamu ya makinawo, makamaka mbali yosankha njira yodzera uthenga.

Nzeru yake ikufanana ndi ya wogula mbewu amene ali ndi matumba ambiri a soya oti akafike mu Lilongwe. M'malo modikira chilole chimodzi, amagawa matumbawo m'magalimoto angapo, thumba lililonse litalembedwa nambala ndi kumene likupita. Mlatho wina ukakokoloka, madalaivala amauzana n'kudzera kwina, ndipo pofika matumbawo amawasanjanso motsata manambala. Makina a IMP ankachita zomwezo ndi uthenga: kuudula m'tizidutswa, kuuzana ndi makina oyandikana nawo njira imene ili yachangu, n'kutumiza.

Uthenga woyamba udatumizidwa pa 29 Okutobala 1969 kuchoka ku Los Angeles kupita ku Stanford Research Institute. Udali wa zilembo ziwiri zokha, L ndi O, chifukwa kompyuta ya mbali inayo idafa wolembayo asadamalize liwu. Pofika kumapeto kwa chakacho malo anayi adali atalumikizidwa. Ulusi umenewu unkatchedwa ARPANET, ndipo ndiwo kholo la intaneti imene lero mlimi wa ku Kabudula amalandirirapo uthenga wa WhatsApp kuchokera kwa mwana wake ku Johannesburg.

Munthu wina akadakhutira n'kumatamidwa ndi ntchito imeneyo moyo wake wonse. Koma Crowther dziko silimukumbukira kwambiri ndi zimenezo.

Pansi pa nthaka ya Kentucky

Banja la Crowther lidali ndi chizolowezi chimene kuno ambiri angachitche misala. Patchuthi ankayenda mtunda wautali kupita m'chigawo cha Kentucky kukalowa m'mapanga, kukwawa m'matope ndi m'madzi ozizira usana ndi usiku, akuyeza njira za pansi pa nthaka ndi tepi ndi kampasi. Akabwerera kunyumba ankalowetsa manambalawo m'kompyuta ya kuntchito kudzera pa makina onga taipi amene adali nawo m'nyumba mwawo, ndipo kompyutayo inkajambula mapu.

Mapanga a ku Kentucky si ofanana ndi a ku Chongoni ku Dedza, kumene munthu amabisala mvula pansi pa thanthwe akuonerera zojambula za makolo. Kumeneko madzi adadya mwala wa laimu kwa zaka zosawerengeka, n'kusiya misewu yopiringizana pansi pa mapiri. Phanga lotchuka kwambiri ndi la Mammoth. Munthu amene adalidziwa bwino koyamba adali kapolo wachikuda, Stephen Bishop, amene kuyambira mu 1838 ankaperekeza alendo m'menemo. Mu 1842 adajambula mapu a phangalo kuchokera m'mutu. Adamasulidwa mu 1856 ndipo adamwalira chaka chotsatira.

Pofika mu 1972 akatswiri ankakhulupirira kuti phanga la Mammoth ndi lolumikizana ndi mapanga a pansi pa phiri loyandikana nalo la Flint Ridge, koma khomo lake silinkapezeka. Padali kampata kena kopanikiza kamene amuna ankakanika kudutsa. Patricia, mayi wa ana awiri, wolemera makilogalamu 52 okha, adadzifinya n'kudutsa, ndipo adapeza kuti njira ikupitirira. Pa 9 Sepitembala 1972 gulu la anthu asanu ndi m'modzi, mayi yekhayo ali Patricia, lidatsata mtsinje wa pansi pa nthaka. Mtsogoleri wawo, John Wilcox, adalowa m'madzi ofika m'khosi, ndipo atatulukira mbali ina nyali yake idawalitsa chitsulo chogwirira alendo odzaona malo. Adali atafika mu Mammoth.

Mapanga awiriwo ataphatikizidwa adakwana makilomita 232, kuposa ulendo wochoka mu Lilongwe kukafika pa boma la Mchinji ndi kubwerera. Lero njira zimene zayezedwa m'phangalo zapitirira makilomita 680, ndipo palibe phanga lina lodziwika padziko lapansi lotalika chomwecho.

Paulendo wa mbiriwo Will padalibe. Ndipo zaka zochepa zitadutsa, cha m'ma 1975, banja lidatha. Patricia adadzakwatiwa ndi Wilcox. Will adasiya zolowa m'mapanga, popeza anzake a kumapangako adali anzake a Patricia omwe.

Anthu a kuno kwa Kalolo, kwa Kabudula ndi kwa Khongoni, kumene ukwati wa chikamwini udazika mizu, safuna kufotokozeredwa zambiri za bambo wotere. Banja likatha mkamwini amanyamula bulangete lake n'kubwerera kwawo, ana n'kutsala kuchikazi. Akafuna kuwaona amakawaona ngati mlendo, ndipo akakhala nawo pansi nkhani imasowa poyambira. Malamulo a ku America ndi ena, koma mtima wa bambo ndi womwewo. Mwini wake adafotokozapo pambuyo pake kuti ankawasowa ana ake aakazi awiriwo, ndipo ankafuna kupanga chinthu choti azisangalala nacho, chimenenso munthu wosadziwa za makompyuta sangachite nacho mantha.

Nthawi yomweyo adali atayamba kusewera ndi anzake a kuntchito gemu ya patebulo yotchedwa Dungeons & Dragons, imene munthu m'modzi amasimba nthano ndipo enawo amanena zimene angachite akadakhala m'nthanomo. Crowther adatenga zinthu zitatu, phanga limene ankalidziwa ngati chikhatho chake, gemu ya nthanoyo ndi luso lake la kompyuta, n'kuziphika mumphika umodzi. Ntchitoyo ankaigwira kumapeto a sabata pakati pa 1975 ndi 1976. Kuno kwathu ndi nthawi imene likulu la dziko lidali litangosamuka kumene kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, ndipo wailesi ya kanema ya dziko lino idali kutsogolo ndi zaka zoposa 20.

Padangotero, tili tonse

Gemuyo adailemba m'chinenero cha makompyuta chotchedwa FORTRAN, pa kompyuta ya PDP-10, chimakina chodzaza chipinda chimene anthu ambiri ankagwiritsa ntchito nthawi imodzi. Idali ndi mizere pafupifupi 700 ya malamulo ndi ina 700 ya mawu a nthanoyo. Dzina lake lidali Adventure, kutanthauza ulendo wa zoopsa ndi zodabwitsa, koma popeza makinawo sankalola dzina loposa zilembo zisanu ndi chimodzi, idasungidwa ngati ADVENT. Akhristu a ku Nambuma asaganize za nyengo ya Adiventi, palibe ubale.

Kaseweredwe kake ndi kamene aliyense amene adakulira pamoto wa agogo angakamvetse msanga. Wosimba nthano akati "padangotero" samapitirira mpaka omvera atayankha kuti "tili tonse". Gemu ya Crowther nayo inkasimba pang'ono n'kuima. Kusiyana kwake n'kwakuti womvera sankangovomera. Iyeyo ndiye ankanena chochitika chotsatira.

Kompyuta inkayamba ndi kukuuza, m'Chingerezi, kuti waima pamathero a msewu pafupi ndi kanyumba ka njerwa, nkhalango yakuzungulira, ndipo kamtsinje kakutuluka m'nyumbamo kutsikira kukhwawa. Basi. Iwe unkayenera kulemba liwu limodzi kapena awiri: lowa, tenga nyali, pita kumwera. M'kanyumbamo munkapezeka makiyi, nyali, chakudya ndi botolo la madzi. Ukatsata kamtsinje unkafika pa chitseko cha zitsulo chokhoma, chimene chidali khomo la phanga. Wosiya makiyi ankabwerera. Woyenda mumdima osayatsa nyali ankagwera m'dzenje n'kuthyoka mafupa.

M'kati mwa phangamo mudali miyambi yofuna kumasulira. Panjira pena padagona njoka yaikulu yobiriwira imene siinkalola munthu kudutsa, ndipo kulimbana nayo kudali kutaya nthawi. Chinsinsi chidali kambalame kamene kankaimba m'chipinda china. Kuti ukagwire unkafunika chikwere. Koma ukafika utanyamula ndodo yakuda imene udatola m'njira, kambalameko kankachita mantha osagwirika. Unkayenera kusiya ndodo pansi, kukola mbalame, kutolanso ndodo, kenako n'kukamasula mbalameyo pamaso pa njoka. Kambalame kankaithamangitsa njokayo. Ndodo ija nayo idali ndi ntchito yake: ukaigwedeza m'mphepete mwa chiphompho, mlatho unkaoneka.

Zambiri mwa izi palibe amene ankakuuza. Unkazitulukira wekha utalephera kambirimbiri, ndipo apa ndi pamene padagona kukoma kwake.

Mudalinso tianthu tatifupi ta m'nthano za ku Ulaya toponya mipeni, komanso malo ena a tinjira tokhotakhota tofanana tokhatokha, kumene wosewera ankangozungulira ngati walodzedwa. Ochenjera adapeza njira: ankasiya chinthu chimodzi m'chipinda chilichonse, apa botolo, apo makiyi, kuti akabwererapo adziwe kuti adadutsapo kale. Pafupifupi aliyense ankasewera ali ndi pepala ndi pensulo pambali, akujambula mapu, ntchito yomwe ija banja la Crowther linkagwira ku Kentucky.

Ndipo mapuwo sadali ongopeka. Crowther adatsata mbali ina ya mapanga a Mammoth yotchedwa Bedquilt, yolumikizana ndi phanga la Colossal, n'chifukwa chake gemuyi imadziwikanso kuti Colossal Cave Adventure. Zipinda, makwawa ndi maenje ambiri a m'gemumo alipodi pansi pa nthaka ya Kentucky. Njoka, golide ndi zina za m'nthano ndizo adaonjezera.

Padali liwu lina la matsenga, XYZZY, limene ukalilemba uli pamalo oyenera linkakuchotsa m'kanyumba kaja n'kukuponya m'kati mwa phanga. Mlongo wake wa Crowther, amene ankayesa nawo gemuyo, adadzafotokoza kuti liwulo lidabwera chifukwa iye ankatopa kuyambira pachiyambi nthawi zonse. Mpaka lero akatswiri a makompyuta amalibisa liwuli m'mapulogalamu awo ngati nthabwala ya pakati pawo.

Kompyutayo kwenikweni siinkamva Chingerezi. Inkadziwa mawu 193 okha, ndipo pa liwu lililonse inkawerenga zilembo zisanu zoyambirira. Komabe kwa anthu a nthawi imeneyo, amene adazolowera kuti makina amalankhulidwa ndi manambala ndi zizindikiro zovuta, kuona kompyuta ikuyankha ngati munthu, nthawi zina mwachipongwe, chidali chinthu chozizwitsa.

Kalata yopita kulikonse

Mu 1976 Crowther adachoka ku BBN kupita ku California kukagwira ntchito ku Xerox PARC. Gemu ija adaisiya pa kompyuta ya kuntchito osaimaliza. Anzake adaipeza, n'kuyamba kupatsirana kudzera pa ARPANET, ulusi womwe uja adathandiza kuluka.

Pofika kumayambiriro kwa 1977 idali itafika ku yunivesite ya Stanford, kumene wophunzira wina, Don Woods, adaikonda koma adaona kuti ili ndi zolakwika ndiponso ndi yaifupi. Ankafuna kuikonza, koma adalibe malamulo ake oyambirira, ndipo za mwini wake ankangodziwa dzina lokha. Zimene adachita zikuonetsa kuchepa kwa intaneti ya nthawi imeneyo. Adalemba kalata ya pakompyuta yopita kwa "crowther" pa kompyuta iliyonse imene idali pa ARPANET, monga munthu woima pamsika wa Mpingu n'kumafuula dzina la munthu amene sakumudziwa nkhope. Makalata ambiri adabwerera. Imodzi idafika ku Xerox, ndipo Crowther adayankha. Adamutumizira zonse osamulipiritsa kanthu.

Woods adakuza phangalo kuchoka pa malo 78 kufika pa 140. Chuma chofunafuna chidachoka pa zinthu zisanu kufika pa 15, ndipo adaika mapointi okwana 350 kwa womaliza zonse. Adaonjezamo chimbalangondo, chimphona cholondera mlatho chofuna msonkho, mbava yolanda chuma n'kukachibisa, komanso batire ya nyali imene inkatha ukachedwa. Adaikamonso chinjoka chimene chidazunza anthu ambiri. Ukalemba kuti ukufuna kuchipha, kompyuta inkakufunsa monyoza ngati ukufuna kutero ndi manja okha. Ambiri ankaona ngati akusekedwa n'kupita kukafuna chida. Yankho lidali kungovomera kuti inde.

Gemu yokonzedwayo idafalikira ngati moto wa tchire m'mwezi wa Okutobala. M'mayunivesite ndi m'makampani anthu ankachezera usiku wonse, ena kujomba ntchito, mpaka padabuka nthabwala yakuti Adventure idabwezera m'mbuyo ntchito za makompyuta ndi masabata awiri. Woods adachita kuikamo nthawi yotsekera phanga kuti mabwana azitha kuletsa anthu kusewera nthawi ya ntchito. Mayi wa pa Nsaru wodikira mchere uja adziwe kuti dandaulo lake lidayamba kale, ndipo oyamba kulakwa adali akuluakulu a madigiri awo.

Adadya ndi ena

Amati kupatsa n'kuika, koma pa nkhani ya ndalama mwambiwu sudamukomere Crowther. Amene adakolola ndi ena.

Scott Adams wa ku Florida atasewera Adventure adaganiza zopanga yofanana nayo yoti ikwane m'kakompyuta ka m'nyumba ka TRS-80. Mu 1978 adatulutsa Adventureland, imene ankaigulitsa pa matepi a kaseti onga a nyimbo, ndipo adakhazikitsa kampani ya Adventure International. Ku MIT kagulu kena kadalemba Zork mu 1977, n'kudzatsegula kampani ya Infocom mu 1979. Kampani ya Microsoft nayo idagulitsa Adventure yakeyake kuyambira mu 1979.

Wopindula kwambiri adali mayi wina wa pakhomo ku California, Roberta Williams. Mwamuna wake Ken adabweretsa kunyumba makina a kuntchito, ndipo mayiyo atayamba kusewera Adventure sadafunenso kuisiya. Ataimaliza adalemba yake, Mystery House, imene idatuluka mu 1980 ili ndi zithunzi zojambula ndi mizere. Kampani imene banjalo lidayambitsa, Sierra, idagulitsidwa mu 1996 pamtengo woposa madola 1 biliyoni.

Zithunzizo ndizo zidadzapha msika wa magemu a mawu okhaokha. Kampani ya Adams idagwa chapakati pa zaka za m'ma 1980, ndipo Infocom idagulidwa ndi Activision mu 1986 n'kutsekedwa mu 1989. Koma mafupa a gemu ya Crowther adatsala. Kuyendayenda m'dziko lopeka, kutola zinthu n'kuzisunga m'thumba, kupeza kiyi wa chitseko chokhoma, zonsezi zili m'magemu ambiri amene ana akusewera pa foni lero.

Crowther sadatsegule kampani ya magemu ndipo sadalemere nayo Adventure. Adakhala ku Xerox mpaka 1983, adakwatiranso, n'kubwerera ku BBN. Gawo limene ankagwirako litagulidwa ndi kampani ya Cisco adapitiriza komweko mpaka adapuma mu 1997. Matanthwe sadawasiye, ndipo kwa zaka zambiri ankaphunzitsa ongoyamba kumene kukwera.

Ulemu udabwera mochedwa. Mu 2019 Colossal Cave Adventure idalowetsedwa m'kaundula wa magemu a mbiri wa World Video Game Hall of Fame ku Rochester, New York. Mu 2023 Roberta ndi Ken Williams, atakalamba, adatulutsa gemu yomweyo ili ndi zithunzi zamakono.

Kwa zaka pafupifupi 30 anthu ankakhulupirira kuti gemu yoyambirira, imene Crowther adalembera ana ake Woods asadaikhudze, idatayika. Mu 2005 idapezeka m'zosungidwa zakale za akaunti ya Woods ku Stanford, mafayilo ake ali ndi deti ya Malichi 1977. Mphunzitsi wina wa pa yunivesite, Dennis Jerz, adaisanthula mzere ndi mzere, adakalowanso m'phanga lenilenilo ku Kentucky kukayerekeza, ndipo adasindikiza zimene adapeza mu 2007.

Zidaoneka kuti njoka, mbalame, ndodo ndi XYZZY zonse zidalimo kale kuchokera kwa Crowther. Chimene mudalibe ndi mathero. Njira zina zimangothera m'malere, zosamalizidwa. Wosewera akatola golide, siliva, dayamondi, ndalama ndi zokongoletsera, chuma chonse chisanu, palibe chimene chimachitika. Kompyuta siimuwerengera mapointi ndipo siimuuza kuti wapambana. Imangodikira kuti alembe mawu ena awiri.